Kuonetsa kasitomala sikipa kapena kapu isanadindidwe: njira iti ya mockup ikuyenerani?

Aliyense wodinda masikipa, makapu, zipewa kapena malebulo kuno ku Chipata amaudziwa uthenga uwu wa pa WhatsApp: "Tatumizani tione mmene zidzaonekere." Tcheyamani wa kwaya sapereka dipoziti ya masikipa 40 asanaone kanthu, ndipo mayi wogulitsa chiponde ku Kapata sangavomere lebulo yongowafotokozera pakamwa. Chomwe akufuna ndi mockup, chithunzi cha katundu chomwe mwasanjikapo dizaini yawo kuti chioneke ngati ntchito yatha kale.

Njira zopangira mockup zilipo zingapo, ndipo tiziyerekeza ndi muyeso umodzi: kasitomala akadzagwira katundu m'manja, adzaona chomwe anaona pa foni? Kukongola kumabwera pambuyo. Mockup yokongola kuposa zomwe makina anu angatulutse imakopa oda lero, koma tsiku lotenga katundu imabala mkangano, ndipo masikipa odinda kale sabwerera m'sitolo.

Chomwe chimaulula kuti dizaini yangomatidwa

Diso la munthu limazindikira msanga, ngakhale mwini wakeyo sangathe kunena chomwe chalakwika. Nthawi zambiri zolakwika ndi zinayi. Choyamba ndi m'mphepete: logo yabwera ndi bokosi loyera kumbuyo, kapena kamzere koyera kakuzungulira zilembo. Chachiwiri ndi kukula, logo ya pachifuwa yaikidwa ngati mbale ya nsima pamene yeniyeni idzakhala masentimita 9 okha. Chachitatu ndi kuwala: nsalu ili ndi mithunzi ndi makwinya, koma dizaini ikuwala mofanana paliponse. Chachinayi, nsalu yapindika kapena kapu yazungulira, koma zilembo zaima chilili.

Mockup yooneka yeniyeni imakhala ndi zigawo zosanjikizana, zomwe mapulogalamu amazitcha ma layer. Pansi penipeni pali chithunzi cha katundu wopanda kanthu. Pamwamba pake pali dizaini, yomwe iyenera kukhala PNG yopanda chakumbuyo, chifukwa JPG siisunga malo oonekera mkati. Pamwamba pa dizaini pamabwera mithunzi ya nsalu yomweyo, ndipo pamwamba penipeni pali kunyezimira kwake. Njira zonse zomwe zili m'munsimu zimasiyana pa chinthu chimodzi: ndi zigawo zingati mwa izi zomwe mungazilamulire nokha.

Pa foni pokha: PixelLab, PicsArt ndi ibisPaint X

Ambiri amayambira apa, ndipo palibe cholakwika. Foni muli nayo kale, magetsi akazima ntchito siyiima, ndipo kasitomala ataima pakauntala mutha kumuonetsa kanthu m'mphindi zisanu.

PixelLab ndi yabwino polemba mawu ndi kukonza dizainiyo, ndipo imatha kupendeketsa chithunzi kuti chitsate khoma kapena chikwangwani. Koma pa nsalu imasiya dizaini itakhala pamwamba ngati sitika. Ena amayesa kubisa vutoli pochepetsa opacity, kutanthauza kulimba kwa maonekedwe a dizaini, kufika pa 70 peresenti. Zimenezi zimangozimiritsa mitundu, ndipo chofiira pa sikipa yoyera chimasanduka pinki, kasitomala n'kuyamba kufunsa ngati inki yanu ndi yotha mphamvu.

PicsArt ili ndi Blend, njira zosakanizira layer ndi chithunzi cha pansi pake, ndipo m'menemo muli Multiply. Pa sikipa yoyera kapena yotuwira pang'ono, kungosankha Multiply kumasintha zonse: makwinya ndi ulusi wa nsalu zimaonekera kudzera mu dizaini. Yomwe timailimbikitsa kwambiri pa foni ndi ibisPaint X. Inapangidwira ojambula, koma ili ndi ma layer enieni, Multiply ndi Screen, Clipping yomangira layer ku ina ya pansi pake, komanso Perspective Form ndi Mesh Form zomwe zimakulolani kukoka dizaini kuti ipinde motsatira kapu kapena phewa. Ndi chala n'kovuta kukoka molondola, choncho kulitsani chithunzi kwambiri musanakhudze madontho a mesh.

Kufooka kwa foni kumaonekera oda ikakula. Kasitomala akati "sinthani mawu a pansiwo", mumayambiranso kupinda ndi kukonza zonse. Komanso sikirini ya foni ndi yaing'ono ndipo imabisa zolakwika zomwe zidzaonekere poyera pa nsalu.

Zokonzedwa kale pa intaneti: Canva, Placeit, Printful

Apa mumangokweza dizaini, n'kusankha chithunzi cha munthu wovala sikipa kapena kapu ili patebulo, makina n'kuika okha mithunzi ndi kupinda. Palibe njira yachangu kuposa iyi, ndipo zotuluka zimakhala zaukhondo. Canva ili ndi gawo la Mockups lomwe limapezeka ngakhale osalipira, ngakhale kuti kuchotsa chakumbuyo ndi kutsitsa PNG yoonekera mkati kumafuna Canva Pro. Placeit ili ndi zithunzi zambiri koma zabwinozo n'zolipira pa khadi. Ya Printful ndi yaulere, koma imaonetsa zovala za m'katalogi yawo.

Pomwepo ndi pamene pali vuto lalikulu la njirayi. Sikipa ya m'chithunzi si yomwe ili pa shelefu yanu. Yawo ndi ya thonje lofewa, yosokedwa mothina m'chiuno, khosi lopyapyala. Yanu mwina ndi ya polyester yonyezimira, yotakata, khosi lokhuthala. Buluu wawo si buluu wanu. Kasitomala amavomera zonse zomwe waona m'chithunzi, kuphatikizapo nsalu ndi kasokedwe, osati logo yokha. Ndiponso simungathe kuika kukula kwa dizaini m'masentimita, mumangoyerekeza ndi maso. Onjezani kuti njirayi imadya bandulo nthawi iliyonse, ndiponso kuti wodinda wa pa shopu yoyandikana nanu akhoza kutumiza chithunzi chomwecho, cha munthu yemweyo, kwa kasitomala yemweyo.

Njirayi ndi yoyenera pa zotsatsa za pa Facebook, pomwe cholinga ndi kuonetsa luso lanu la dizaini. Pa chithunzi chomwe munthu akalipirirepo dipoziti, sitikuilimbikitsa, pokhapokha mutalemba poyera kuti nsalu ndi mtundu zidzatsata sampulo yomwe waigwira m'shopu.

Mafayilo a PSD otsitsa, mu Photoshop kapena Photopea

Awa ndi ma mockup omwe wina anakonza kale ndi zigawo zonse, n'kuwasunga ngati PSD, mtundu wa fayilo wa Photoshop. Mkati muli layer yotchedwa Smart Object. Mumadina kawiri pa kachithunzi kake, pamatseguka tsamba lina, mumaikapo dizaini, mumasunga ndi Ctrl+S, ndipo mukabwerera mumapeza dizaini yapinda kale ndi mithunzi yake. Kusintha mawu ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Photoshop ndi yolipira mwezi ndi mwezi. Amene alibe ndalamayo asavutike ndi makope obedwa omwe amabwera ndi mavairasi, chifukwa Photopea imatsegula PSD ndi ma Smart Object ake mu browser, kwaulere, ndi zotsatsa pambali. Fayilo siikwezedwa kwina, ntchito imachitikira pa kompyuta yanu, ndipo tsambalo likatseguka mutha kupitiriza ngakhale netiweki itagwa. GIMP ndi yaulere ndipo siifuna intaneti, koma ma Smart Object a mu PSD sagwira ntchito m'menemo monga amachitira mu Photoshop, ndiye siyoyenera njira imeneyi.

Samalani zinthu ziwiri. Mafayilo ena amapitirira 100 MB, ndipo laputopu ya 4 GB RAM imaima nawo. Chepetsani chithunzi kufika mapikiselo 2000 mbali yaitali musanayambe. Werenganinso laisensi, chifukwa ena aulere saloledwa pa malonda. Kupatula apo, vuto lija likadalipo: katundu wa m'chithunzi ndi wa eni ake, si wanu.

Chithunzi chanu, zigawo zanu

Iyi ndiyo njira yomwe tikuti aliyense amene kudinda ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku aiphunzire. Imatenga madzulo amodzi kukonza mockup yoyamba, koma ikatha mumaigwiritsa ntchito chaka chonse, ndipo chomwe kasitomala akuona ndi sikipa yomwe adzavale.

Yambani ndi kujambula. Sitani sikipa koma musaphe makwinya onse, chifukwa mapindiko ochepa ndi omwe amapatsa chithunzi moyo. Jambulani pakhonde kapena pamthunzi m'mawa, osati padzuwa la masana lomwe limawotcha zoyera mpaka ulusi osaoneka, ndipo flash ikhale yozima. Pukutani galasi la kamera. Bwererani m'mbuyo masitepe awiri n'kugwiritsa ntchito 2x ngati foni ili nayo, chifukwa kujambula pafupi kumatupitsa pakati pa chinthu. Jambulani kawiri osasuntha foni: koyamba mutaika tepi yoyezera m'lifupi mwa chifuwa ndi pepala loyera pambali, kachiwiri mutazichotsa. Pepalalo ndi lokuthandizani kukonza mtundu, chifukwa mthunzi umapangitsa zoyera kuoneka zabuluu. Ngati wavala ndi munthu, mupempheni chilolezo chithunzi chake chisanayende pa magulu a WhatsApp.

Tepi ija ndi yowerengera kukula. Tinene kuti sikipa ya saizi M ndi masentimita 52 kuchoka kukhwapa kufika kukhwapa, ndipo m'chithunzi mtundawo ndi mapikiselo 2080. Ndiye kuti sentimita imodzi ndi mapikiselo 40. Logo ya pachifuwa ya masentimita 9 ikhale mapikiselo 360, dizaini yaikulu ya kutsogolo ya masentimita 28 ikhale mapikiselo 1120, ndipo iyambe masentimita 7 kapena 8 pansi pa khosi. Lembani nambala ya mapikiselo a pa sentimita imodzi ija m'dzina la fayilo kuti musaiwale. Ngati pulinta yanu imathera pa A4, dizaini isapitirire masentimita 21 ndi 29.7 ngakhale m'chithunzi muli malo. Ndipo ngati oda ili ndi masaizi kuyambira a ana mpaka XXL pa dizaini ya kukula kumodzi, onetsani yaing'ono ndi yaikulu yomwe, chifukwa chodzaza chifuwa cha mwana chimaoneka chosochera pa bambo wamkulu thupi.

Tsopano ikani dizaini ndi File, Place Embedded mu Photoshop, kapena Open & Place mu Photopea, kuti ilowe ngati Smart Object. Ngati munthu wapendekeka, gwiritsani ntchito Ctrl+T mu Photoshop, kapena Alt+Ctrl+T mu Photopea, kutembenuza dizaini mpaka mzere wa mawu utsate mapewa.

Kupinda ndi makwinya kumachitika ndi displacement map, chithunzi chotuwa cha sikipa chomwe chimauza makina mmene apindire dizaini. Koperani chithunzi cha sikipa, chotsani mitundu ndi Ctrl+Shift+U, chichititseni mbuu pang'ono ndi Gaussian Blur ya mapikiselo 3 mpaka 6, ndipo sungani ngati PSD yapayokha ya kukula kofanana ndi chithunzi chanu. Kenako mu Photoshop sankhani dizaini, pitani ku Filter, Distort, Displace, n'kusankha PSD ija ngati map. Makina amakankha dizaini mbali imodzi pomwe map ili yowala, mbali inayo pomwe ili yakuda, ndipo pomwe ili yotuwa pakatikati sasuntha kanthu. Nambala yoyambira imakhala 10, ndipo pa chithunzi cha mapikiselo 2000 mpaka 3000 nambala za pakati pa 5 ndi 10 zimakwanira. Mukapitirira 15 zilembo zimaoneka ngati zasungunuka. Mukaiwala blur, ulusi uliwonse wa nsalu umakankha dizaini ndipo m'mphepete mwa zilembo mumakhala manomano. Mu GIMP chida chomwechi chili pa Filters, Map, Displace.

Mithunzi ndi yomwe imamaliza ntchito. Koperaninso sikipa yopanda mitundu, ikwezeni pamwamba pa dizaini, ndipo imangeni ku dizainiyo ndi Ctrl+Alt+G kuti igwire pa dizaini pokha. Tsegulani Levels, chida chosinthira kuwala ndi kuda kwa chithunzi, n'kukoka kakona koyera kumanzere mpaka nsalu yosalala iyere mbee, kutsale makwinya okha otuwa. Ikani pa Multiply. Mu Multiply choyera chimasowa, chakuda chimatsala, ndiye dizaini imalandira mithunzi yokha osada yonse. Pa kunyezimira chitani mosemphanitsa: kope lina, Levels mpaka nsalu ide bii kutsale malo owala okha, ikani pa Screen, opacity ya 20 mpaka 40 peresenti. Pa thonje ikhale yochepa, pa polyester ndi pa kapu ikhale yambiri.

Pomaliza, dizaini yochokera pa kompyuta ndi yosalala kuposa chithunzi cha kamera. Ipatseni Gaussian Blur ya 0.3 mpaka 0.5 ndi Add Noise ya 1 kapena 2 peresenti. N'zazing'ono, koma popanda izo zilembo zimaoneka zakuthwa kuposa sikipa yomwe zakhalapo.

Sikipa yakuda ndi pomwe ambiri amagwa. Amaika dizaini pa Multiply monga anachitira pa yoyera, ndipo imasowa. Ndi mmene Multiply imagwirira ntchito: singawalitse kanthu, imangodetsa. Pa nsalu yakuda, ya navy kapena ya maroon, dizaini ikhale pa Normal, opacity 92 mpaka 96, ndipo mithunzi ichokere pa kope lomwe mwaliwalitsa ndi Levels monga tafotokozera. Ena amaika kopelo pa Overlay, koma Overlay siisintha malo oyera mbee, ndiye zilembo zoyera zimatsala zopanda khwinya ngakhale limodzi. Tsitsani choyera cha dizaini kuchoka pa 255, yomwe ndi kuyera mbee, kufika cha m'ma 235 kapena 240. Inki yoyera pa nsalu yakuda, yojambulidwa pamthunzi, siwala ngati sikirini.

Kapu ili ndi masamu ake. Kapu wamba ya 11 oz ndi pafupifupi masentimita 8 m'mimba mwake, ndipo malo odinda ndi cha m'ma 20 ndi 9. Ukaiyang'ana kutsogolo umaona theka lokha la kuzungulira kwake, masentimita pafupifupi 12.5, atapanikizika m'masentimita 8. Dizaini ya masentimita 10 imadzaza pafupifupi nkhope yonse ya kapu, ndipo zilembo za m'mbali zimaoneka zopyapyala. Amene amaika dizaini yonse ya masentimita 20 kutsogolo kwa kapu akuonetsa chinthu chosatheka. Onetsani kapu kuchokera mbali ziwiri kapena zitatu, ndipo pansi pake ikani dizaini yotambasula. Popinda, gwiritsani ntchito Edit, Transform, Warp. Photoshop ya masiku ano ili ndi Cylinder, ndipo kwina mumakoka ndi dzanja. Lamulo ndi lakuti mzere wa pamwamba wa dizaini utsate kupinda kwa mlomo wa kapu, wa pansi utsate kupinda kwa tsinde lake. Funsaninso kasitomala ngati chithunzi chiyang'ane womwa kapena woyang'anizana naye, chifukwa zimatengera dzanja lomwe amagwirira. Botolo la chiponde kapena la uchi limatsata lamulo lomweli, kungoti lebulo ya pepala imafuna kamthunzi kopyapyala m'mphepete kuti ioneke kuti yamatidwa pa botolo.

Chikwangwani ndiye chophweka. Jambulani kutsogolo kwa shopu ya kasitomala, kokani ngodya zinayi za dizaini ndi Distort mpaka zitsate mizere ya khoma. Ngati ndi bolodi lopachika, lipatseni mthunzi wolowera komwe mithunzi ina m'chithunzimo ikulowera. Ngati ndi penti pakhoma, Multiply idzaonetsa njerwa ndi pulasitala.

Blender ndi zithunzi za AI

Blender ndi pulogalamu yaulere ya 3D, ndipo pa mabokosi, mabotolo ndi zitini palibe yoiposa: lebulo imakulunga molondola ndipo mutha kuzungulitsa chinthu mbali iliyonse. Koma imafuna kompyuta yamphamvu ndi masabata ophunzira, ndipo kupanga nsalu yooneka yeniyeni m'menemo n'kovuta kuposa kungoijambula. Ndi ya munthu amene malebulo ndi mapaketi ndiwo ntchito yake yaikulu.

Za AI tinene mosabisa. Zithunzi zake n'zokopa, koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mukaipatsa logo ya sukulu kuti iiveke pa sikipa, nthawi zambiri imaijambulanso mwa iyo yokha: chilembo chimasintha, mawu a pa baji amasokonekera, mtundu umasuntha. Mawu a Chinyanja monga "Mulungu ndi wabwino" akhoza kutuluka ndi chilembo chosowa, kasitomala osaona, inunso osaona. Ngati mukuifuna, ipangitseni malo okha, tebulo kapena khoma lakumbuyo, ndipo katundu ndi dizaini muziike nokha pamwamba.

Mockup itsate makina omwe mudindire

Mfundo iyi ndi yomwe imasiyanitsa wodziwa ntchito ndi wongodziwa pulogalamu. Kusankha Multiply kapena Normal si nkhani ya kukongola, kumatengera inki.

Sublimation, njira yolowetsa inki mu nsalu ndi kutentha, ilibe inki yoyera, ndipo inki yake imalowa mu ulusi wa polyester n'kusakanikirana ndi mtundu wa nsalu. Choncho Multiply imanena zoona zenizeni za sublimation. Malo oyera a dizaini adzatenga mtundu wa sikipa, ndipo buluu pa sikipa yachikasu adzatuluka wobiriwira. Ngati dizaini yasowa pa Multiply, idzasowanso pa makina, ndipo ndi bwino kasitomala aone zimenezo lero. DTF, yodinda pa filimu n'kumata pa nsalu ndi kutentha, imaika choyera pansi pa mitundu ndipo imakhala pamwamba pa nsalu, ndiye ionetseni pa Normal ndi mithunzi pamwamba, ulusi usaonekere kwambiri. Vinyl ndi mitundu yosasakaniza yodulidwa ndi mpeni, choncho musaonetse mtundu wozimirira pang'onopang'ono kapena timizere topyapyala tomwe simungathe kutisenda. Pa screen printing mtundu uliwonse ndi sikirini yake ndi mtengo wake. Ngati mwagwirizana mitundu iwiri, mockup isakhale ndi isanu. Pa zopeta za makina, zilembo zochepera mamilimita 5 sizituluka bwino, ndiye zikulitseni kapena zichotseni musanatumize, osati mutalandira ndalama.

Golide ndi msampha wina. Pa sikirini amanyezimira, koma pulinta ya DTF kapena sublimation imatulutsa chikasu chodera. Wofuna golide weniweni afunika vinyl yonyezimira kapena foil, ndipo mtengo wake ndi wina. Chimodzimodzi mitundu yowala kwambiri, wobiriwira ndi buluu wa pa foni, imatsika mphamvu ikafika pa nsalu, chifukwa sikirini imatulutsa kuwala pamene nsalu imangobweza. Dindani timabokosi ta mitundu 20 kapena 30 pa chidutswa cha nsalu yomwe mumagwiritsa ntchito, chipachikeni m'shopu, ndipo kasitomala asankhe mtundu pamenepo.

Pali bodza lina lomwe mockup imanena popanda inu kufuna. Logo zambiri zimabwera ngati screenshot ya pa WhatsApp, mwina mapikiselo 500 m'lifupi. Pa mockup ya pa foni imaoneka yakuthwa bwino. Koma podinda pa 300 dpi, kutanthauza madontho 300 pa inchi imodzi, mapikiselo 500 ndi masentimita 4 okha, ndipo mukaikoka kufika masentimita 28 imatsika kufika cha m'ma 45 dpi, zilembo n'kukhala mbuu. Dizaini ya masentimita 30 imafuna mapikiselo pafupifupi 3500. Yang'anani kukula kwa fayilo musanapange mockup, pemphani PDF kapena fayilo yoyambirira, ndipo ngati palibe, uzani kasitomala kuti logo ifunika kujambulidwanso ndipo pali mtengo wake. Mukachotsa chakumbuyo choyera pa JPG n'kutsala kamzere kozungulira, chepetsani selection ndi pikiselo imodzi pa Select, Modify, Contract, kapena gwiritsani ntchito Defringe. Kamzereko sikaoneka pa sikipa yoyera, koma pa yakuda DTF idzakadinda.

Oda ikakhala ya mayina ambiri

Nyengo ya Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, ya Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, ndi kumapeto kwa chaka pamene a Giredi 12 akufuna masikipa a mayina kumsana, ntchito imaunjikana. Apa mockup yanu ya Smart Object imabweza nthawi yomwe munaikapo. Pa mayina 60 musapange zithunzi 60: onetsani dzina lalifupi kwambiri ndi lalitali kwambiri pa sikipa, ena onse akhale pa mndandanda woti aphunzitsi kapena komiti asainire kalembedwe kake. Ngati aliyense akufunadi kuona lake, Photoshop ili ndi Variables pa Image, yomwe imatenga mayina kuchokera pa mndandanda wosungidwa ngati fayilo ya CSV. Odziwa kompyuta angagwiritse ntchito ImageMagick, pomwe mzere umodzi monga magick sikipa.png dizaini.png -geometry +480+620 -compose Multiply -composite zotuluka.jpg umasanjika dizaini pamalo omwe mwauza, ndipo ungabwerezedwe pa foda yonse. Ndipo kumbukirani kuti baji ya sukulu, ya mpingo kapena chizindikiro cha mwambo zili ndi eni ake. Wopereka oda akhale ndi chilolezo chawo.

Tsono musankhe iti?

Wongoyamba kumene, yemwe ali ndi foni yokha, atenge ibisPaint X ndi zithunzi za masikipa ake, aphunzire Multiply ndi Clipping. Zimenezo zokha zimamuika patsogolo pa ambiri. Wofuna zotsatsa zachangu agwiritse ntchito Canva, koma asatengerepo dipoziti. Yemwe ali ndi laputopu, ngakhale yakale, akonze mu Photopea ma mockup ake a katundu amene amagulitsa kwambiri: sikipa yoyera, yakuda, gofu, kapu ndi chipewa, kutsogolo ndi kumbuyo. Pa mitundu ina ya sikipa jambulani yeniyeniyo m'malo mosintha mtundu pa kompyuta, chifukwa maroon wa pa Hue/Saturation safanana ndi wa pa shelefu. Stoko ikasintha, jambulaninso. PSD yotsitsa isungeni pa zinthu zomwe mulibe m'shopu, monga ambulera kapena tenti.

Potumiza, tulutsani JPG ya mapikiselo 1600 mpaka 2000 mbali yaitali, mu sRGB. WhatsApp imafinya zithunzi ndipo mawu ang'onoang'ono amawonongeka, ndiye sankhani HD kapena tumizani ngati Document pamene kasitomala ayenera kuwerenga zilembo zonse. Ikani dzina la shopu yanu mozimirira modutsa pa dizainiyo, osati pakona pomwe lingadulidwe, ndipo PNG yoyera isatuluke m'shopu dipoziti isanalowe pa Airtel Money kapena MoMo. Pansi pa chithunzi lembani zinthu zisanu: kukula kwa dizaini m'masentimita, mtundu wa nsalu, njira yodindira, chiwerengero pa saizi iliyonse, ndi nambala ya mockup, monga "yachitatu". Pemphani kasitomala ayankhe molemba pa chithunzi chomwecho kuti "ndavomera yachitatu", osati pa voice note. Pa oda yopitirira zidutswa 20, dindani imodzi yeniyeni, ijambuleni pamalo omwe munajambulira yopanda kanthu ija, ndipo tumizani zithunzi ziwirizo pamodzi musanayatse makina kudinda zotsalazo.